Ankhoswe a Buku Langa

Lolemba

Sabata ndaiyamba ndi nzeru za ku koleji. Ndalowa mu shopu ya mabuku pa boma nditavala chipewa ndi magalasi akuda, mawu nditawakulitsa ngati bwana wa ku Lilongwe. Ndikufunsa ngati ali nalo buku lija anthu akulikamba kwambiri masiku ano. Cholinga: aone kuti likufunidwa, aliike pawindo.

Mayi wogulitsa akundiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Aphunzitsi, si lanu lomwe lija? Onse alipo, palibe latuluka."

Ndinamuphunzitsa ndekha ku sekondale. Ndagula limodzi kuti ndituluke ndi ulemu. Akundifunsa ngati ndikufuna kuti mlembi adzandisainire.

Zilibe kanthu. Lachisanu kuli phwando! Kampani imene inasindikiza buku langa yaitana alembi ake onse ku hotela ina ku Senga Bay, pakhomo pathu penipeni. Khadi lafika, lagolide m'mbali, lolowera anthu awiri. Pa ndondomeko dzina langa lilipo: ndidzawerenga tsamba limodzi pamaso pa Mayi Bwana, eni kampani. Mayi amenewa chitulukireni buku loyamba foni yanga sayankha. Buku lachiwiri lili mu envulopu pansi pa matiresi, lawongoka ngati lositidwa. Akapanda kulilandira Lachisanu, manda ake ndi pomwepo.

Pulani:
- Lachitatu, wailesi ya m'dera.
- Lachinayi, kugulitsa mabuku ku Senga Bay.
- Lachisanu, kuwerenga mpaka Mayi Bwana agwetse msozi, kenako envulopu m'manja mwawo.
- Kuchapitsa jekete.

Khadi lija ndalijambula n'kuliponya pa gulu la abale la pafoni. Aone kuti sukulu sinapite pachabe.

Lachiwiri

Aona.

Kabaza waima pakhomo. Akutsika atsibweni a ku Chitala, alongo awo a mayi anga. Chikwama, ambulera m'nyengo ya mwera, tambala m'khwapa.

"Ndangodutsa."

Munthu wongodutsa sanyamula sopo ndi thaulo lake.

Atamwa tiyi nkhani yatuluka. "Mphwanga, mwana wa mbumba yanga akaimirire pagulu mwini mbumba palibe? Anthu adzati unachita kuphukira pachulu?"

Ndikuwafotokozera mofatsa, monga munthu wophunzira, kuti si ukwati, si maliro, si chinkhoswe. Ndi phwando la mabuku.

"Pali akuluakulu? Pali zoyankhula? Pali chakudya? Ndiye ndi mwambo."



Vuto n'lakuti khadi n'la anthu awiri, ndipo mkazi wanga, mayi a Tadala, diresi anasoketsa kale. Apereka moni atagwada, mano onse panja, ulemu wosefukira. Kukhitchini mapoto ndi amene akunena maganizo awo enieni.

Atsibweni agona kuchipinda cha mwana wathu Tadala, Tadala pabalaza. Buku langa ndawapatsa kuti aone ntchito ya mphwawo. Aliyeza kulemera ndi dzanja, alinunkhiza, ati pepala lake n'labwino. Aliika pa kapu kuti ntchentche zisagweremo.

Wowerenga woyamba wa sabata ino.

Lachitatu

Wailesi!

Atsibweni ati angondiperekeza. Afika mpaka m'kachipinda koulutsira mawu, akhala pampando wanga, ine andibweretsera benchi.

Muulutsi ndi mnyamata wa mawu okoma, wozolowera oimba. Buku lili patebulo, pulasitiki wake osachotsa. Mafunso ake:
- Bukuli mwalipanga ndi ndani?
- Vidiyo yake ituluka liti?
- Mafani anu ayembekezere chiyani?

Ndikuyamba kufotokoza za munthu wamakono amene wasochera pakati pa mudzi ndi tauni. Ndinakonzekera bwino, ndi mawu akuluakulu. Mnyamata akuyasamula. Kenako, mwaulemu wake, ati agogo nawonso apereke moni kwa omvera.

Kalanga ine.

Alandira moni: a Nachisale a ku Chitala, kwaya ya amayi, ophika zitumbuwa pamsika, odwala onse, ndi munthu wina amene anabwereka khasu chaka chatha ndipo akudzidziwa. Mwini mbuzi zimene zikumalowa m'dimba mwawo wachenjezedwa komaliza.

Mafoni ayamba kulira. Wina wa ku Lifuwu akuti mbuzi zikuvutanso kwawoko. Wina akufunsa ngati agogowa azibwera sabata iliyonse. Mayi wina akuti khasulo akulidziwa kumene lili.

Dzina la buku latchulidwa kamodzi, nyimbo yotsekera itayamba kale.

Panjira: "Waona, mphwanga? Anthu umayamba wawafewetsa."

Lachinayi

Tebulo pafupi ndi ogulitsa ziboliboli ku Senga Bay. Nsalu yoyala ndi chitenje cha mayi a Tadala, chotengedwa mosapempha. Mwera ukutembenuza masamba mwachangu. Mpaka pano ndi wokhawo umene wafika kumapeto kwa bukuli.

Makasitomala:
- Mzungu wamkazi. Wandijambula, wati n'zokongola, wagula mvuu yamtengo pa tebulo loyandikana.
- Bambo wogula nsomba, wa mkanjo woyera. Waligwira ndi manja awiri. "Inshallah, aphunzitsi, boti likabwera kuchokera ku Mbenji." Sananene boti lake liti.
- Woperekera zakudya pa loji ina. "Likubwera pamayeso?" Ayi. "Nanga n'lachiyani?"

Funso limeneli ku koleji sitinaphunzire.

Ndachokapo pang'ono kukagula mayunitsi. Pobwera mulu watsika ndi theka! Ndati Mulungu wayankha. Atsibweni akumwetulira. Agawa.

"Chinthu cha mwana wako sugulitsa kwa abale."

Abale ake ati? Apeza kuti wosema ziboliboli ndi Phiri, wa kabaza mayi ake ndi a ku Chitala, wokazinga chipisi anakwatira kumudzi koyandikana ndi kwathu. Senga Bay yonse ndi magazi athu. Buku limodzi ndaliona likupita pa njinga litamangidwa pamodzi ndi usipa.

Kunyumba nkhani ya khadi yatha yokha. "Pitani ndi atsibweni anu, bambo a Tadala. Diresi siwola." Mawu ofewa ngati thonje. Ndikudziwa kuti ndidzawamvabe mpaka Khirisimasi.

Jekete yabwera kochapitsa. Atsibweni ati angoyesa. Yawakwana ngati telala anawayeza iwowo. Ine ndatsala ndi ya paukwati, imene mabatani ake anasiya kalekale kulonjerana.

Ndayeserera kuwerenga tsamba langa kuseri kwa nyumba. Tambala yekha ndiye wamvetsera, womangidwa mwendo.

Lachisanu

Masana. Ndikulemba kuseri kwa pepala la ndondomeko.

Tenti yoyera, mipando yovekedwa madiresi kuposa mkazi wanga. Alembi a ku Lilongwe afika ndi masikafu m'khosi. Aliyense ndi Dokotala, koma wodwala atagwa pano palibe angamuthandize. Moni wake ndi umodzi: "Mwawerenga langa?" Tonse tikuyankha kuti n'lozama kwambiri. Palibe wawerenga la mnzake.

Mlendo wolemekezeka wachedwa, monga mwa ulemu wake. Pemphero la abusa. Dua ya ashehe. Kenako oyankhula, aliyense kutchula maudindo a anthu onse kuyambira kutsogolo mpaka kwa oyendetsa galimoto, n'kumaliza ndi kudandaula kuti Amalawi sawerenga. Tikuwomba m'manja ife osawerengafe.

Akuzungulira ndi tinyama tobaya pa timitengo. Atsibweni atenga mbale yonse, ati zikomo, aiika pamwendo.

Envulopu ili m'malaya, yanyowa ndi thukuta. Mayi Bwana ali kutsogolo, maso pafoni. Ndiye kuti foniyo imagwira ntchito.

Madzulo.

Ndilembe bwinobwino kuti adzukulu adzadziwe chimene chinapha agogo awo.

Woyendetsa mwambo watchula dzina langa. Ndaimirira, buku m'manja, chala pa tsamba. Dzanja lagwa paphewa panga.

"Mwana sayamba kuyankhula akulu ake alipo."

Ndichite chiyani? Ndilimbirane maiki ndi atsibweni pamaso pa abusa ndi ashehe? Mayi anga angamve ndisanafike n'komwe pageti. Ndakhala pansi, manja pamaondo, ngati mkwati.

"Zikomo kumpando. Ine ndine mwini wake wa mwanayu. Ankhoswe a mbali ya kampani ndi ati?"

Kenako Mayi Bwana aika foni pansi, akweza mkono. Aitanidwa kutsogolo. Apita!

Malangizo a atsibweni, monga ndikuwakumbukira:
- Mwanayu tikumupereka wamoyo, wopanda chilema. Mukatopa naye mudzatibwezere chimodzimodzi.
- M'mawa ndi waulesi. Ali mwana ankaopa nkhuku. Mumupirire.
- Akalakwa musamukalipire pagulu, mubwere kwa ine.
- Iwe mphwanga, walowa m'banja. Maso asamathamangire makampani ena.
- Inu akampani, mwana wa eni ake sagonekedwa ndi njala.

Pa mfundo yomalizayi alembi onse aimirira n'kuwomba m'manja, masikafu akuuluka. Amayi operekera zakudya aimba nthungululu. Mlendo wolemekezeka wadzuka kutulo.

Sanathere pomwepo. Anyamula buku langa m'mwamba n'kulengeza kuti muli malangizo a banja, kasungidwe ka mbuzi ndi mankhwala a nsanje. Mulibe chilichonse mwa zimenezi. Anthu akhamukira ku tebulo la kampani. Mabuku anga atha. Atha! Mzere wofuna saini wapita kwa munthu wovala jekete yabwino.

Maiki yandipeza potsiriza. Ndawerenga mawu oyamba a chiganizo choyamba. Woyendetsa mwambo walengeza kuti nthawi yatithera ndipo chakudya chakonzeka. Tsamba langa lamira m'phokoso la mbale.

Mayi Bwana ndawapeza akupukuta misozi. Pulani yatheka, kungoti woliritsa ndi wina. Ndatulutsa envulopu ndi manja awiri.

"Aa, aphunzitsi, simunamve? Nkhani za banja zimadzera kwa ankhoswe."

Ndaseka nawo. Ndikuganiza kuti ndi nthabwala.

Loweruka

Mwambo watha. Wongodutsa akadalipo. Achapa malaya, ayanika.

Mlendo safunsidwa tsiku lochoka, choncho tayesa njira zonse zaulemu:
- Tapha tambala uja. Ati wakoma, mawa tiyese nsomba.
- Mayi a Tadala amanga kathumba ka mpunga wa ku Lifuwu, akaika poonekera pafupi ndi chitseko. Athokoza, akalowetsa kuchipinda.
- Ndafunsa ngati mbuzi zija sizikumaliza dimba. Ati chiyankhulireni pa wailesi mwini wake akuzimanga.

Kanema wa dzulo ali pafoni ya aliyense. Mayi a Tadala amuonera kambirimbiri, akuseka mpaka kugwira khoma. Pa nkhani ya nkhuku amabwezera m'mbuyo. Ine ndikuoneka pakona, theka la nkhope, batani likufuna kuthawa.

Ndapita ku hotela ndi envulopu. Mlonda wa pageti wandizindikira msanga. "Si inu mphwawo wa agogo aja? Iwowo ali kuti?" Mayi Bwana akuti apita kokwera boti ndi alendo.

Ndikufika kunyumba, foni ikulira. Dzina lawo! Koyamba chitulukireni buku! Ndaimirira, ndakonza kolala ngati akundiona.

"Aphunzitsi, tandipatsirani ankhoswe."

Atsibweni atenga foni yanga, apita nayo kuseri kwa bafa. Ndikumva kuseka kokha. Pobwera ndawafunsa zimene akambirana.

"Za akuluakulu."

Mayunitsi atha. Anaimbanso okha kuti atsanzike bwino.

Lamulungu

Tikuchokera kutchalitchi, galimoto ya kampani ili pakhomo. Ana a m'mudzi aizungulira. Mayi Bwana atsitsa galasi.

Akupita ndi atsibweni ku Lilongwe. Kuli kukhazikitsa mabuku ena sabata ikubwerayi, kulinso pulogalamu ya pa kanema. Akufuna munthu wodziwa kuyankhula ndi anthu. Akalengezanso buku langa, ndisadandaule. Malo m'galimoto ndi amodzi, kumbuyo kwadzaza mabokosi.

Atsibweni atuluka atakonzeka kale. Chikwama, ambulera, mpunga, jekete yanga.

Ndathamangira envulopu. Ndaipereka pawindo. Mayi Bwana sanailandire, angoloza ndi chibwano kumpando wakumbuyo. Sinali nthabwala.

Ndazungulira galimoto. Ndanjuta pang'ono, monga achitira mwana woleredwa bwino, n'kupereka zaka zanga zonse za usiku ndi usana kwa ankhoswe. Aipinda pakati, aikankhira m'thumba la mpunga.

"Ndikaliona kaye ngati n'loyenera kupita kwa anthu."

Mayi a Tadala akubayibitsa ndi manja onse awiri, nkhope yowala ngati tsiku la ukwati wathu. Tadala wayamba kale kubweza bulangete kuchipinda chake.

Basi. Mabuku anagulidwa, dzina lamveka, mwina envulopu idzatuluka mumpunga. Alembi ena amadandaula kuti alibe owayankhulira. Ine ndili naye, ndipo mwambo sulola kumuchotsa.

Galimoto yayamba kuyenda. Ndikuperekeza pambali pake mpaka pamsewu. Galasi lakumbuyo latsika, mutu wa atsibweni watuluka.

"Mphwanga! Tandiuza msanga, akakandifunsa kumeneko. Bukuli likukamba za chiyani?"

Ndatsegula pakamwa. Dalaivala waponda mafuta.