Masweta a ku Limerick

Mapulani onse anabadwira mu bala ina ya ku Peckham, Loweruka masana, botolo lachitatu litafika pakati. Roy, amene anadzipatsa yekha dzina loti Jenerale, anaika foni patebulo.

"Magaye, onani apa. Anti Petronella a ku Croydon anyamuka mawa. Sabata yathunthu ku Ireland, kukagula zinthu n'kuona malo."

"Dublin?" anafunsa Chanda, wotchedwa Kansomba chifukwa ankalowa paliponse, ngakhale kuti tsopano mimba inali itamukaniza.

"Ayi, Limerick. Akuti ku Dublin alendo ndi mbwee, mitengo n'kumwamba. Nyumba itsala yokha, ndipo zibangili zagolide zija sakwera nazo ndege."

Brave, wachitatu wawo, ankangomutcha Bulu: mphamvu zambiri, mafunso ochepa. Anangogwedeza mutu.

Anti Petronella ankawadziwa atatuwa kutchalitchi, koma Jenerale anati zimenezo n'zazing'ono. Anagula zipewa zobisa nkhope ndi majekete achikasu. "Ndife anthu a gasi. Tilowa masanasana, palibe aziyang'ana kawiri."

Lachiwiri m'mawa anatsika tramu, kasitima koyenda mumsewu, ku Croydon. Pa WhatsApp, anti anali ataika kale zithunzi: ali pa mlatho wa mtsinje wa Shannon, kumbuyo kwawo linga lakale lamiyala, ambulera m'manja.

Atafika pakhomo, Jenerale anayamba kusolola sikuludiraiva. Bulu, poti analeredwa bwino, analiza belu.

"Iwe! Watani?"

"Ndimafuna titsimikize kuti mulibe munthu."

Kabelu kaja kanali ndi kamera yolumikizidwa ku foni ya mwininyumba. Kanayaka, n'kuyankhula.

"Ndani?"

Bulu anagwada pasitepe. Jenerale anakulitsa mawu. "Ndife a gasi, madamu."

"A gasi oyankhula Chinyanja? Roy, miyendo ya matewe imeneyo ndingaisokoneze ndi ya ndani?"

Kansomba anali atatembenuka kale kuti aliyatse liwiro.

"Musathawe, ana anga, mwandipeza pabwino. Ndili m'sitolo ya masweta a ubweya wa nkhosa, mtengo wake mungalire. Brave, umavala saizi yanji?"

"Ekisi-ekisi-elo, anti."

"Tseka pakamwa!" anatero Jenerale. Kenaka motsitsa mawu: "Ine laji."

Kansomba anabwerera. "Anti, yobiriwira ilipo?"

"Ilipo, koma kodi ikukhala? Vula chipewacho ndione khungu lako. Sendera ku kamera. Nonse, mmodzimmodzi."

Anavula. Anaima pamzere ngati akujambulitsa chiphaso. Anti anawafotokozera za kolala yopinda, za mabatani amtengo, za tchizi cha kumsika, za mvula ya ku Limerick imene imagwa chammbali. Jenerale ndi Kansomba anakangana kwa mphindi khumi pa nkhani ya mtundu, poti aliyense sankafuna kufanana ndi mnzake. Palibe anaganiza kuti munthu woyankhula pa foni angathe kulembanso uthenga kwa mnansi wake.

Galimoto ya apolisi inaima pageti mwakachetechete. Wapolisi wamkazi anatola sikuludiraiva, anayang'ana zipewa zitatu zili pansi, n'kupempha mwaulemu kuti manja apite kumbuyo.

Jenerale anayenda chowerama. Bulu anatsanzika belu. Kansomba yekha, mutu uli kale m'galimoto, anautulutsanso n'kukuwa:

"Anti! Ikasowa yobiriwira, ya bulawuni ingakhale!"