Kettie ndi Bertha Asayake Pamodzi

Malemu adada Amos Thole ankapatsa mawaya awo mayina a anthu. Sanali mayina a m'Baibulo ayi, anali athu omwe, ife oyandikana nawo kuno ku Ching'ambo. Ukamva akukalipa kuseri kwa nyumba kuti, “Kenneth, wapsanso!” sunkathamangira madzi. Unkadziwa kuti Kenneth weniweni ali bwinobwino kuntchito, wapsa ndi waya.

Anali munthu wa ku Nkhata Bay, wokonza magetsi wopuma pantchito, wamfupi, wa mawu oti akanong'ona ku Ching'ambo a ku Lupaso amayankha. Mu 2009 mwana wawo Esme anakakhala kuchidikiro, nyumba ya pachipatala imene amayi oyembekezera ochokera kutali amadikiriramo tsiku lawo. Kumeneko adada anaona amayi akuchapa matewera ndi madzi okha. Disembala wa chaka chimenecho anakoleka chingwe chimodzi cha timababu mumtengo wawo wa mapeyala, naima pageti.

“Kuona ndi mtanda wa sopo,” anatero.

“Nanga tikaonera pamsewu?”

“Onani. Koma Mulungu akukuonaninso.”

Anthu anaseka, koma sopo anabwera naye. Kuyambira pamenepo, sopo wa kuchidikiro wa miyezi yamvula ankachokera pageti limenelo.

Chaka ndi chaka magetsi ankachuluka. Padenga panakwera nyenyezi yaikulu ngati lichero la chimphona. Pakhonde panabwera khola, ng'ombe, abusa a nkhosa. Anzeru a kum'mawa anali awiri okha, wachitatu anapsa asanaoneke. Ukafunsa ankati, “Ali panjira. Minibasi ya ku Luwinga sinadzaze.” Pambali pa Mwana anaikapo nsomba ya batala yothwanima, yotalika kuposa Yosefe.

“Adada, ku Betelehemu kunalibe batala,” anatero abusa a mpingo wathu.

“N'chifukwa chake kunali umphawi chomene,” anayankha.

Ine ntchito yanga inali dengu lolandirira sopo. Amuna anga atamwalira, adada Thole anabwera kwathu nati, “A Nyalongwe, m'nyumba mudzaliramo mu Januwale. Disembala ndikufuna munthu wosaba sopo.” Ndinakhala pageti zaka khumi ndi zitatu.

Zingwe zija zinafika makumi awiri, ndipo magetsi a nyumba yawo sakanazinyamula zonse nthawi imodzi. China chinkayenera kuyamba, china kudikira, zina kusinthana. Adada sanalembe zimenezi paliponse. Anazisunga m'miseche. Ikakwana sikisi koloko madzulo ankagwada pa bokosi la mapulagi pafupi ndi mpando wanga, n'kumalengeza.

“Kenneth ayambe, ndi waulesi, amachedwa kudzuka. Rhoda abwere pambuyo, sakonda kupezeka woyamba pamaliro. Abusa adikire, akayamba samaliza msanga. Mary akalowa, Tumbikani atuluke, mukudziwa chifukwa chake.”

Eni mayina ali pomwepo, sopo m'manja, ena akuseka, ena akuyang'ana kumwamba.

Lamulo lalikulu linali limodzi: “Kettie ndi Bertha asayake pamodzi.” Amayi awiriwa nyumba zawo n'zoyang'anana, ndipo anasiya kupatsana moni chifukwa cha nkhuku imene palibe akukumbuka mtundu wake. Chaka china mlendo wofuna kuthandiza analumikiza zingwe ziwirizo. Kunamveka phu! Nyenyezi zii, batala zii, fungo la mphira mpaka kumsewu.

“Ndi uyu!” anakuwa Kettie mumdimamo. “Akafika pamalo zinthu zimafa!”

“Ine ndimawala bwinobwino usanabwere iwe!” anatero Bertha.

Adada anakhala pansi kuseka mpaka kutsokomola. “Ndinanena ine. Amama, ndinanena.”

Ine miseche ndimaiopa. Choncho adada akangogwada pa bokosi lija, ndinkaweramitsa mutu n'kumapemphera chamumtima kuti mawuwo asandilowe. Kangapo konse ankandikodola. “A Nyalongwe, mukumva? Tsiku lina ndidzapita kukayatsa kwina.”

“Ndikumva, adada,” ndinkatero. Limenelo linali bodza, ndipo ndalapa.

Anatisiya mu Julayi, m'kuzizira kuja. Anagona masiku atatu okha, akudandaula kuti babu la m'chipinda chawo analiika ndi munthu wopanda chikondi.

Kumayambiriro kwa Disembala mayi Stella, namwino wa kuchidikiro, anandiimbira foni. “Amama, sopo watsala wa sabata imodzi. Chaka chino kuyaka?”

Ndinati kuyaka. Sindikudziwa chimene ndinayankhira choncho.

Esme anatitsegulira nyumba. Tinatulutsa makatoni osungiramo zingwe zija, tinakoleka zonse monga tinkaonera. Bertha anaitana mlamu wake, bambo Joel, wa ku Blantyre, amene amaphunzitsa za magetsi ku Luwinga. Anafika ndi kachipangizo koyezera, nayang'ana bokosi lija nthawi yaitali. Mapulagi makumi awiri, onse akuda, onse ofanana, mawaya olumikizalumikiza ndi timphira ta njinga.

“Pepala losonyeza kayendedwe ka mawayawa lili kuti?”

“Kulibe,” anatero Esme. “Zinali m'mutu.”

“Nanga amene ankakhala nawo pafupi poyatsa ndani?”

Onse anatembenukira kwa ine.

“Kettie ndi Bertha asayake pamodzi,” ndinatero.

“Chabwino, mayi. Kettie ndi uti apa?”

Ndinayang'ana mapulagi aja. Nawonso anandiyang'ana.

Ena onse ankakumbukira zimene ankanenedwa anzawo, koma palibe anaonapo dzanja la adada kuti likugwira pulagi iti. Ndi mpando wanga wokha umene unali moyang'anana ndi bokosi. Tinayesa masiku atatu. Tsiku loyamba kunayaka mchira wa ng'ombe. Lachiwiri kunayaka anzeru awiri aja, kenako utsi. Lachitatu bambo Joel anapukuta manja.

“Mayi, ine ndili ndi madigiri awiri, koma izi sizinapangidwe ndi maphunziro. Tikapitiriza titentha nyumba ya masiye. Ndikulolezani chingwe chimodzi basi.”

Choncho chaka chino kunayaka chingwe chimodzi, mumtengo wa mapeyala, monga mu 2009. Nyenyezi inakhala padenga ngati lichero loiwalika. Ana ankafunsa batala. Anthu a kutali anamva kuti kulibe chooneka, sanabwere. Oyandikana nafe okha ndiwo ankafika, kuponya sopo m'dengu, kuti “yewo, amama,” n'kuima pang'ono osadziwa poyang'ana.

Madzulo omaliza Kettie ndi Bertha anapezeka onse pansi pa mtengo.

“Chingwechi ndine,” anatero Kettie. “Taona kuwala kwake.”

“Iwe? Iwe unali kuphethiraphethira ngati wodwala maso. Ameneyu ndine.”

Anakangana mpaka mvula inayamba, mapewa atagundana pansi pa ambulera imodzi. Ine ndinkangodikira phu uja. Sanamveke. Panalibenso wokhala pansi kuseka.

Kale sopo tinkapita naye pa wilibala, maulendo atatu. Ulendo uno ndinanyamula dengu ndi dzanja limodzi. Mayi Stella anathokoza, natenga mpeni n'kuyamba kudula mtanda uliwonse panayi.

Makatoni tawabwezera m'nyumba. Ku Ching'ambo sikisi koloko ikakwana kumangoda, palibe wotchulidwa waulesi, palibe wochenjezedwa, ndipo anthu akuoneka ngati akusowa kunyozedwa. Ndapempha Mulungu zambiri pa moyo wanga, koma aka n'koyamba kumupempha kuti andikumbutse miseche. Mpaka lero sanandiyankhe.