Mabuleki Anu Andidyera Mapatapata a Apongozi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mabuleki a Njinga ya Imapompo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndine Wadi, wakabaza wachabechabe amene ndimatsitsa anthu ndi matumba a nandolo pa mtsetse wa msewu wochokera ku Chiponde kupita ku Mangochi. Ndati ndithokoze chifukwa cha timalabala ta mabuleki timene mumatigulitsa, tija munalonjeza papaketi kuti tidzakalambira limodzi ndi njinga.

Choyamba, ndikuyamikira khalidwe la labala wanu. Wa makampani ena ndi wamakani. Akakumana ndi limu amalimbana nayo, kulira kwii, mpaka njinga kuima. Wanuyu analeredwa bwino, sakangana ndi chitsulo. Akangokhulana nacho pang'ono amagonja, amanyenyeka ngati chigumu, n'kusanduka fumbi lakuda pa thalauza la pasinjala. Pofika pakati pa phiri, mabuleki amakhala atatsala dzina lokha, ndipo njinga imapitiriza ulendo mwaufulu wake.

Chachiwiri, mwalimbikitsa mapemphero kuno kwathu. Ndanyamulapo anthu amene sanapondeko kumzikiti kapena kutchalitchi chibadwire, koma pamtsetse umenewo amatchula Mulungu m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chiarabu chomwe. Mashehe ndi abusa akupereka moni.

Chachitatu, mwandiphunzitsa luso. Mabuleki akatha, ndimakanikiza phazi la kumanja pa tayala la kutsogolo, patapata n'kugwira ntchito imene inu munaiyiwala. Fungo lake limamveka mpaka kwa ogulitsa mango m'mbali mwa msewu. Vuto ndi laling'ono: tayala limadya nsapato ya kumanja yokha. Kuseri kwa chitseko changa kuli mulu wa mapatapata a kumanzere, atsopanotsopano, onse amasiye.

Anga atatha ndinabwereka a mkazi wanga, Hidaya. Anang'ung'udza, koma anandikhululukira. Kenaka linafika tsiku la tsoka. Ndikudzuka m'mawa ndinapeza apongozi anga ali m'bafa, mapatapata awo atawasiya panja: obiriwira, onenepa, amene mwana wawo anawabweretsera kuchokera ku Joni. Bwana, labala wake ameneyo mukanamuona mukanatseka fakitale ndi manyazi. Ndinangobwereka nsapato ya kumanja yokha, poganiza kuti ndibweza dzuwa lisanatenthe. Ndinabwezadi, chifukwa ine si wakuba. Kungoti inabwera ndi chibowo choti dzira la nkhuku limadutsa osakhudza m'mbali.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala pamudzi pa eni. Apongozi sanakalipe. Anangotuluka m'bafamo atavala phazi limodzi, n'kuyenda choncho mudzi wonse mwakachetechete kuti aliyense adzionere yekha. Nkhani inafika kwa ankhoswe athu, a Uladi, ndipo chigamulo ndi ichi: Lachisanu likubwerali apongozi apite kumzikiti atavala mapazi onse awiri, obiriwira ngati kale. Zikakanika, nditenge njinga yanga ndi mphasa yanga ndibwerere kwathu ku Makanjira. Kumeneko mchenga umaimitsa njinga wokha, mabuleki safunika, koma kulibe Hidaya. Ndikuopa, Bwana, chifukwa mkaziyu ndimamukonda. Ndazungulira msika wonse wa Mangochi, mtundu umenewo kulibe.

Sindikupempha chipepeso ayi, ndingayambe bwanji ine? Ndikungokuitanani kuti mudzaone ndi maso ubwino wa katundu wanu. Mubwere Lachinayi, tidzakumane pamwamba pa phiri. Ndidzakunyamulani ulele, nditamanga mabuleki atsopano ochokera m'paketi yanu, inu mukupenya. Ngati n'kotheka mutengeko mapatapata obiriwira a ku Joni. A kumanja okha akwanira, a kumanzere tili nawo ogawira mudzi wonse.

Chomaliza, popeza ine ndilibenso chopondera, phazi loimitsa njinga tsiku limenelo lidzakhala lanu, pa tayala la kumbuyo. Muvale nsapato zanu za ku ofesi zonyezimira zija. Zikadyeka tisanafike pansi musadandaule, mudzangopitiriza ndi chidendene. Khungu la munthu limalimba kuposa labala wanu, ine ndinayesapo kale.

Ndine wanu wodzichepetsa, woyenda chotsimphina,

Wadi wa kabaza,
Mkamwini mpaka Lachisanu.