Tsiku Limene Ndinasita Mapiri a Achimwene

Mpaka lero ndikamva fungo la simbi yamakala mtima umandiwawa. Abale anga nkhaniyi amaidziwa theka lokha, ndiye lekani ndiulule yonse, mundiseke kamodzi n'kamodzi.

Ine ndine telala, ndipo matenda anga ndi kusita. Chilichonse chamakwinya chimandiyabwa m'maso (kalata yanga ya ubatizo ndinaisitapo, osanama). Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba kumene, ine ndikukhala ku Bangwe, ndipo achimwene anga a Layisoni anali atabwerako kunja kumene ankaphunzira za miyala. Anabwera maphunziro asanathe, ataonda, akutsokomola. Zaka zimenezo munthu sunkafunsa zambiri.

Katundu amene ankamusamala kwambiri anali mipukutu isanu ya mapepala aatali, osalala ngati a fakisi, odzaza timizere tokhotakhota. Ankati anakhala miyezi iwiri pa sitima pakati pa nyanja yamchere, kufufuza mapiri ophulika moto amene ali pansi pa madzi.

"Phiri lili pansi pa madzi, inuyo munaliona bwanji?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Sitiliona, timalimvera," anatero. "Suja umagogoda mtsuko pamsika kuti umve ngati uli ndi mng'alu? Nafenso timaphulitsa mpweya m'madzi, phokoso lija n'kulowa m'miyala ya pansi. Likamabwerera, makina amalemba. Mizere iyi ikunena pamene thanthwe lakhuthala ndi pamene lapyapyala."

Ine ndinangoti "oho", maso ali pa diresi ya kasitomala. Chimene ndinagwirapo n'chakuti anatsala ndi mutu umodzi wokha woti alembe, atumize kwa aphunzitsi awo, apatsidwe digiri. M'mawa uliwonse ankayala mpukutu pamkeka n'kumalemba ndi pensulo pamizerepo, kulemba pang'ono, kupuma. Nthawi inali itawathera, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Lachiwiri lina anapita kuchipatala kukatenga mankhwala. Cha m'ma teni kunagwa chimvula, denga n'kudontha ndendende pamene panali katoni ya mapepala aja. Ndinaitulutsa mipukutu itanyowa, dzuwa litawala n'kuiyanika pachingwe. Mpaka apa ndinali munthu wabwino. Koma inayi itauma inachita makwinya ngati chikopa cha mbuzi, ndipo matenda anga aja anadzuka.

Ndinakoleza makala. Poti ndine katswiri (ndi mmene ndinkadzionera), ndinati pepala la achimwene lisakhudzane ndi chitsulo, lingade. Ndinapinda mipukutu inayi bwinobwino, kuisanjikiza patebulo, pamwamba n'kuyalapo chitenje. Ndiye poti inali yambiri, simbi ndinaitenthetsa kwambiri kuti moto ufike mpaka pansi. Ndinadinikiza ndi mphamvu zanga zonse, uku ndi uku, ndikuyimba nyimbo ya kwaya.

Nditavundukula chitenje, mayo ine. Mapepala onse bii, ngati kunsi kwa mphika. Ndinatembenuza, kuganiza kuti mwina mizere yathawira kuseri. Ndinayesa labala. Ndinayesa kansalu konyowa ka sopo, pepala n'kubooka. Ndinafika poika mapepalawo pamthunzi kuti mwina akazizira abwerera mwakale (musaseke, munthu ukasowa pogwira umapempherera ndi pepala lomwe).

Achimwene anandipeza nditakhala pansi, simbi ikufuka pambali. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine n'kuthamangira madzi.

"Pepala limeneli limalembedwa ndi kutentha, mlongo wanga," anatero atapezako mpweya. "Ndiye iwe walemba paliponse."

"Ndikhululukireni, achimwene. Kulibe ena?"

"Aliko, kunja. Ndilemba kalata. Koma ajambule, atumize, ine ndiyambirenso za pensulo zija..." Sanamalize. Anayang'ana manja awo, mmene analili, n'kuwabisa m'thumba.

Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Bola akanandimenya. Mpukutu wachisanu, umene unapulumuka chifukwa unali usanaume, ankauyalabe pamkeka, koma tsopano ankandiitana. Ndinkasiya makina osokera n'kukhala pambali pawo. Anandionetsa msana wa phiri la pampukutuwo, ndi pamene thanthwe la pansi linabwanyikira mkati chifukwa cholemedwa nalo, ngati matiresi pamene pakhala munthu. Ine amene ndinaotcha mapiri anayi, lachisanuli ndimalidziwa mpaka lero.

Achimwene anatisiya mvula itangotha. Tsiku la maliro azakhali anandipatsa malaya oyera oti tiwaveke. "Iwe ndiye umatha kusita," anatero, osadziwa kanthu. Simbi ndinali ndisanaigwirenso chichokereni tsiku lija. Ndinasita kolala ija misozi ikugwera pachitsulo kuti tsii, ndipo malaya anatuluka opanda khwinya ndi limodzi lomwe.

Phukusi la kunja linafika patatha milungu itatu. Mapepala atsopano, mizere yooneka bwino, koma opanda pensulo ya achimwene.

Mwina mukuti ndinaphunzira kufunsa kaye ndisanathandize munthu. Kaya. Mapepalawo ali m'sutikesi kunsi kwa bedi, ndipo pakona pena anapindika m'njira. Ndikatsegula n'kupaona, dzanja limayamba kuyabwa, ndiye ndimangolikhalira mpaka lisiye.