Malupanga Anga ndi Dzanja la Abiti Juma

Ndikulemba izi nditagona chafufumimba pamkeka, poti kumbuyoku sikunavomerebe mpando. Kuchipatala sindipita. Ndikawauza chiyani anamwino? Kuti ndinachita kupempha ndekha?

Zinayamba ndi mdzukulu wanga Esinati, uja amaphunzira ku Blantyre. Anabwera patchuthi ndi masewera a anzake akukoleji. Amavala ngati ankhondo akalekale, amagawana magulu, n'kumamenyana ndi malupanga a siponji. Akakukhudza pamkono, mkono wafa. Akakukhudza pachifuwa, ugone pansi. (Anthu ophunzira, ena a ndevu zawo, kugona m'fumbi mwadala. Kaya.) Loweruka anzakewo amabwera kudzasewera pabwalo la mpira kwathu kuno kwa Likoswe, koma malupanga anali osakwana.

Ine ndiye mtima unavina. Manja awa analuka mikeka, manja awa anasoka malaya a ana onse a pakhomo pano, manja awa alephere lupanga la siponji? Ndinati, "Kagule zofunika, ntchito usiyire ine. Anzakowo akadziwe kuti uli ndi agogo."

Anakagula ku Namadzi zidutswa za matiresi, guluu wa nsapato ndi tepi yonyezimira. Anapanga lupanga limodzi ine ndikuona: kansungwi kopyapyala mkati, siponji uku, siponji uku, kunsonga siponji yokhayokha.

"Agogo, nsungwi isafike kunsonga. Ndipo musamange kwambiri, siponji izikhala yofewa."

"Ndamva, mayi."

Kumva ndinamva, kuvomera sindinavomere. Lupanga lake lija ukalitukula linkagwetsa mutu ngati mpiru wothyola dzulo. Atangopita kukatenga anzake, ine kudimba, kukadula nsungwi zokhwima. Ndinazilowetsa mpaka kunsonga, n'kumanga ndi malegeni, omwe aja timamangira katundu panjinga. Koka, kulunga, koka, kulunga, nyimbo ili pakamwa. Siponji inafinyika mpaka kulimba ngati makaka. Pamwamba tepi nyezinyezi. Malupanga anaima njo, okongola, a ulemu wawo.

Loweruka pabwalo panadzaza. Sindinkadziwa kuti Esinati ndiye woyeza zida, kuti lupanga lililonse limayamba ladutsa m'manja mwake. Anatenga langa, kulifinya, kuligogoda panthaka.

"Agogo, izi ndi zibonga. Awa salowa m'bwalo."

Pamaso pa anthu, abale. Mwana amene ndinamubereka kumsana, kunditchulira ntchito yanga kuti zibonga. Ndinamanga chitenje.

"Lupanga langa silipweteka. Ndimenye nalo uone."

"Ine kumenya agogo anga? Dzanja lingaume."

Ndinapatsa anzake. Aliyense manja kumbuyo, maso pansi. Ana oleredwa bwino, sindikana, koma tsiku limenelo ulemu wawo unandipha.

Pamenepo wina anatula beseni la zitumbuwa. Anali Abiti Juma, a nyumba yoyandikana nane. Tinakulira limodzi, timagawana mchere, timakanganirana nkhuku chaka ndi chaka.

"Musavutitse ana, achemwali. Ine ndi inu msinkhu ndi umodzi. Bweretsani, ndikuthandizeni."

Ndinayenera kuzindikira nditaona akuvula masilipasi. Koma ine ndinatembenuka, manja m'chiuno, kuwerama pang'ono.

Phwaa. Moto unayambira kumbuyo, kukwera msana, kukatulukira m'makutu. Anthu onse kuyang'ana nkhope yanga. Ndinaonetsa mano anga otsalawa.

"Mwamenya kale? Ndimayesa ntchentche."

(Pakamwa apa. Pakamwa apa ndi pamene padzandiike m'manda.)

"Ndiye tiyeze linalo," anatero Abiti Juma, "poti mwana wanena kuti lililonse liyezedwe."

Esinati anati zakwana, ine ndinamukalipira kuti asalowerere za akulu. Lachiwiri linatera pomwe panatera loyamba. Mayi aja ali ndi diso. Ndipo ankanong'ona kuti ndimve ndekha.

"Ili ndi la nkhuku yanga munaigenda ija."

Phwaa.

"Ili ndi la mpunga wanga munautcha phala pachinkhoswe."

Kuti ndisalire ndinayamba kuimba. Silipweteka ee, silipweteka, lupanga la agogo silipweteka. Ana akukoleji kuyamba kuwomba m'manja, kuvomera nyimbo, wina kujambula pafoni. Abiti Juma nawo kumenya motsata nyimbo, ngati akuwomba mtedza. Miyendo yanga inkavina yokha, anthu n'kumati agogo akusangalala. Kenako linafika limene ndinalimanga ndi mtima wonse, la nsungwi yakutsinde. Nyimbo inaduka pakati, panatuluka "Mayo ine!" wakuti agalu a kutsidya anayankha.

Esinati analanda lupanga. Malupanga anga onse anawakana, kuwasenda malegeni pomwepo ngati nzimbe, anthu akuona. Kumenyedwa ndamenyedwa, ntchito yakanidwa. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bakha.

Chimene chikundiwawa kuposa zonse n'chakuti m'mawa mwake Abiti Juma anabwera ndi madzi otentha kudzandithowa. Kuthowa bwinobwino, mwachifundo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ndagona chonchi ndapanganso ena, ofewa, ogwetsa mutu, monga amafunira Esinati. Iye akuti ndaphunzira. Ndinatuma uthenga kuti Abiti Juma abwere, ulendo uno awerame ndi iwo, ndiwayeze ndi ine. Anayankha ali kuseri kwa mpanda, "Ntchito yanu ndimaikhulupirira, achemwali, siifuna kuyeza."

Chabwino. Limodzi sindinamuonetse Esinati. Lili kunsi kwa bedi, nsungwi mpaka kunsonga, malegeni awiriawiri. Abiti Juma amawerama tsiku lililonse akamasesa pakhomo, ndipo ine ndikuchira.