Tsaya Limodzi la Che Uladi

Pa Nsanama panalibe wosawadziwa malemu Che Uladi, osula zitsulo aja a ndevu za tsaya limodzi. Mpeni uliwonse akasula ankauyesa pankhope pawo, moti tsaya lina linkakhala losalala ngati dzira, linalo tchire lokhalokha, kudikira mpeni wotsatira.

Amene sadzawaiwala ndi Scholastica. Mwamuna wake, yemwenso anali wosula, atamwalira, alamu a ku Chikweo anati akakolola adzatenga mvukuto, nyundo ndi chidutswa cha njanji chosulirapo, poti mkazi sasula. Mayiyo, mtima uli pamphuno, analonjeza kuti adzawaonetsa mpeni wa zitsulo zosanjikiza, umene iwo eni sankautha. Nyundo anali asanaigwirepo, choncho anapita kwa Che Uladi kuti amuphunzitse.

"Mukufuna kusula, kapena kupsetsa mtima alamu?" anafunsa Che Uladi.

"Zonse ziwiri."

"Basi, mutha."

Anamuonetsa kusanjikiza tizidutswa ta sipulingi ya lole ndi sowo yakutha, kumanga ndi waya, kuwotcha pamakala mpaka zitsulozo ziyere, kuwaza mchenga wosefa, kenako kumenya kuti zigwirane. Koma manja a Scholastica anakulira pamtondo. Akatsitsa nyundo, zitsulo balala! China chinakagwera m'matimati a Dailesi, wogulitsa kutsidya kwa msewu.

"Iyayi mayi, si mphale imeneyo! Gogodani ngati pakhomo pa apongozi."

"Apongozi anga anali ogontha, Che Uladi."

Mipeni khumi ndi inayi inang'ambika, wotsatirawo ndiye unagwirana. Ataupaka mandimu, mizere yokhotakhota inatuluka, yokongola zedi. Tsoka lake, alamu anatulukira tsiku lomwelo ndi njinga ziwiri, asanaunole mokwanira.

"Kukongolaku taona," anatero wamkulu wawo. "Ukudula?"

Che Uladi anangoutenga, n'kuyamba kumeta tchire lija pamaso pa msika wonse, popanda sopo, akumwetulira. Misozi inali chuchuchu.

"Utsi wa makala uwu," anatero. "Koma mpeniwu ndi lumo!"

Alamu anabwerera njinga zili zopepuka.

Che Uladi anatisiya chaka chatha. Nyundo zikulirabe pa Nsanama, ndipo yokoma kumva ndi ya Scholastica, koma msika wazizira. Palibenso woimitsa anthu pamsewu kuti amugwire kumaso aone ntchito.

Pamaliro, mkazi wawo Fadila anamukokera Scholastica pambali.

"Mpeni wanu uja sunkameta ayi, unkazula. Sabata yathunthu ndinkawathowa ndi madzi ofunda, akubuula ngati mbuzi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni kufikira mutadziwadi kusula."

Scholastica anaphulika kuseka pakati pa siwa, amayi onse n'kucheuka. Kenako anafunda chitenje kumaso, nalira kuposa abale, akungobwereza kuti, "Zikomo, bambo inu, zikomo."