Mphuno ya a Ambrose

Mu Hamilton monse, ngakhale mutafufuza mpaka ku Markham, munalibe munthu wodziwa kachasu wa azungu kuposa a Ambrose Kamwendo. Chodabwitsa n'chakuti mkuluyu anamwalira asanalaweko ngakhale dontho. Iwo ankangonunkhiza basi. Ife tinkamwa, iwo n'kumatiuza chimene tamwacho.

Gwero lake linali ku Ntcheu. Mayi awo ankatcheza kachasu, ndipo kachasuyo ndiye anawaphunzitsa sukulu, koma ndi yemweyonso anapha bambo awo. Tsono mayiwo anawalumbiritsa kuti mowa usadzadutse pakhosi pawo mpaka imfa. A Ambrose anasunga lumbirolo ngati dzira, kungoti ankakonda kunena kuti, "Za mphuno amayi sanatchulepo."

Loweruka masana tinkakumana m'galaja ya Austin, mnzathu wogwira ntchito kuchipatala. A Ambrose ankafika atamanga tayi, tambula yawoyawo ili yokulunga m'mpango. Ukangoti ukweze yako, ankakugwira dzanja.

"Wait kaye iwe! Mowawu wakudikira zaka zambirimbiri mumgolo, iwe ukulephera kuudikira pang'ono?"

Akatero ankalowetsa mphuno m'tambula, maso ali tsinzinu ngati akutsogolera pemphero.

"Bourbon uyu ndi chimanga, abale anga. Chimanga chomwechi cha kwathu, kungoti chinapita ku Kentucky n'kukagona mumgolo wamatabwa wowaula m'kati. Mukumva shuga wopserera? Kumbuyoko kuli kavanila, pansi pake kautsi."

"Ba Ambrose, ine nimvela chabe mowa," ankatero Howard, mnzathu wa ku Chipata.

"Ndiye vuto lakolo. Mphuno unangoipachika poikira magalasi."

Rye, wotchezedwa ndi mbewu ina yonga tirigu, ankamupatsa ulemu wamantha. Ankati bourbon ndi mlamu wansangala, koma rye ndi apongozi: amakulandira bwinobwino, tsabola n'kubwera pambuyo. Pomamaliza ulalikiwo ife kukhosi kunali gwa, ayezi atasungunuka kalekale. Tinkadandaula, koma tsiku limene sanabwere tinkawaimbira foni.

Chilimwe china anatikakamiza kupita kukaona fakitale ina yotcheza mowawu cha ku Niagara. Mtsikana wotionetsa malo anafotokoza bwino za mbiya zamkuwa ndi mapaipi, a Ambrose akungogwedeza mutu kuti zonsezi amayi anali nazo, kungosiyana kukula. Zinthu zinavuta pamene mtsikanayo ananena kuti mowa woyamba kudontha amaupatula, sauika m'botolo chifukwa ndi woopsa.

"Mwati chiyani?" anafunsa a Ambrose m'Chichewa, kuiwala kuti ali kuti. "Mutu? Mukupatula mutu? Austin, tamuuze mwanayu kuti kwathu mutu amachita kulimbirana anthu akuluakulu!"

Mtsikanayo atamasuliridwa anafunsa mwaulemu ngati anthu akuluakuluwo adakali moyo. A Ambrose anayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, n'kupeza kuti onse anapita msanga. Titafika pagalimoto anati, "Komabe ankafa akudziwa chimene amwa."

Nkhani inafika kumpingo, pakuti analinso mkulu wa mpingo. Amayi ena anamva kafungo pajekete lawo, ndipo Lamulungu lotsatira anaitanidwa kukayankha. Mkazi wawo a Eunice ankafuna pansi patang'ambika alowepo, koma eni ake anaimirira mosatekeseka.

"Abusa, mowa ukagona mumgolo, wina umauluka wokha. Eni ntchitoyi amautcha gawo la angelo. Ine ndimangodya nawo pamenepo. Ngati ndalakwa, muyambe mwaitana angelowo."

Abusa anatsokomola nthawi yaitali nkhope ataibisa m'mpango, mlandu n'kuthera pomwepo.

Kenako kunabwera mliri uja unatitsekera m'nyumba tonse. A Ambrose anadwala, n'kuchira, koma mphuno sinabwerere. Mtima wawonso unatsala wofooka. Titayambiranso kukumana anabwera ataonda, kolala ikuchita kuzungulira m'khosi. Austin anali atawasungira bourbon wapamwamba, wa mumgolo umodzi wokha. Anawathirira. A Ambrose ananunkhiza, kupukusa tambula, kununkhizanso.

"Madzi," anatero. "Ndikungomva ngati madzi."

Sindinaonepo munthu wamkulu akusowa chogwira chotero, ndipo zinandiwawa. Howard ndiye analimba mtima.

"Mudala, lawani chabe kadontho. Lilime likali kusebenza. Mulungu azamvetsa, na amai bazamvetsa."

Palibe anatsutsa. Kunena zoona tonse tinkafuna alawe. A Ambrose anakweza tambula ija pang'onopang'ono mpaka inagunda mlomo. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anaitsitsa n'kuikankhira kwa Howard.

"Iwe wamagalasi, nunkhiza undiuze."

"Ine? Ba Ambrose, muniziba ine."

"Nunkhiza. Usathamange."

Howard analowetsa mphuno, thukuta lili kamukamu ngati ali pamayeso.

"Nimvela... chimanga chowotcha. Na shuga yopsa. Manje pansi pali kautsi, monga... monga chitenje cha muzimai wamene achoka pamoto."

A Ambrose anatsinzina, misozi n'kutsika yokha.

"Ndi chimenecho," anatero. "Amayi akatcheza usiku wonse, m'mawa ankandifunditsa chitenje chawo. Zaka zonsezi ndimanunkhiza chimenecho, inu mumayesa ndimakonda Kentucky."

Anamwalira chisanu chotsatira, lumbiro lawo lili lathunthu. Pamaliro, abusa ananena kuti m'mpingo wonse munalibe munthu wodziletsa ngati iwo, ndipo ife a kugalaja tinavomera mokweza kuposa amvano, chifukwa tinali mboni.

Timakumanabe kwa Austin, koma zinthu sizili monga kale. Munthu umathira, umamwa, palibe wokugwira dzanja. Mpando wawo wapulasitiki uli pomwe unali, pafupi ndi makina ochotsera chipale, ndipo ngakhale mlendo amauzungulira osauzidwa. Kale tinkatuluka m'galajamo akazi athu atatopa kuimba foni. Masiku ano botolo limatha msanga, nkhani n'kutha nalo limodzi, ndipo timabalalika dzuwa likadali pamwamba, aliyense akudabwa kuti afika bwanji kunyumba msanga chonchi.